Nsima, mandasi ndi buledi kuno ku UK: chogula nchiti, chodzipangira nchiti?

Munthu akangofika kuno, akathana ndi za nyumba ndi basi, funso lotsatira limakhala la ufa, mukuupeza kuti abale? Ndiye poti ambiri amene abwera kuyambira 2022 pamene visa ya ntchito za care, zosamalira okalamba ndi odwala, inatseguka akugwira mashifiti a maola 12, sitingangoyankha kuti phikani mmene mumaphikira kumudzi, nthawi palibe, magetsi ndi odula, khitchini mukugawana ndi anthu ena anayi ndipo alamu ya utsi ili pamwamba pamutu panu kudikira kuti mafuta angofuka pang'ono iyambe kulira. Ine ndinenetu poyambirira pomwe ndaima: ufa wa nsima gulani weniweni, musayeseyese zambiri. Mandasi, chigumu ndi masikono dzipangireni nokha chifukwa fulawa kuno ndi yotchipa zedi. Buledi ali pakatikati, tifika.

Tiyambe ndi ufa umene ambirife tikudya, wa ku Joni uja wa m'mashopu a anthu a ku Zimbabwe ndi South Africa, Iwisa, White Star, Ace. Pathumba amalemba kuti super maize meal. Ndi woyera bwinobwino koma musayembekezere ufa woyera wa kwathu, uwu wayandikira kwa gramil. Kusiyana kwake kuli pa kuviika. Kwathu chimanga timakonola, kupeta kuchotsa gaga, mphale ija nkuiviika m'madzi masiku angapo mpaka iyambe kafungo kowawasa kaja, kutsuka, kuyanika, kupita nayo kuchigayo, pobwera ufawo kuuyanikanso pamphasa. Kuviikako ndi kumene kumafewetsa ufa nkuupatsa fungo lija limakuuzani muli panja kuti m'nyumba akuomola. Wa kufakitale saviika, amangochotsa khungu ndi kamtima nkugaya, ndiye umakhala wa timisere pang'ono ndipo umafuna moto wautali. Anthu ambiri amene amadandaula kuti nsima ya ufa umenewu imamveka mchenga mkamwa vuto ndi phuma basi, phala lisiyeni liwire chivindikiro chili pompo mphindi 10 kapena 15 musanayambe kuthira ufa wovundulira, mukatha kuvundula muvindikirenso pamoto wochepa mphindi zisanu. Ubwino wina ndi woti ku South Africa kuyambira 2003 lamulo limakakamiza kuti ufa wa chimanga azithiramo mavitamini, ayironi ndi zinki, zimene ufa woyera wa kumudzi ulibe poti zambiri zimapita ndi gaga ndi madzi oviikira aja. Wofuna chinthu chofanana ndi mgaiwa afunse roller meal, anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe amaudziwa bwino, ngakhale supezeka paliponse.

Pa kagulidwe, kathumba ka makilo awiri ka mu supamaketi kumalo kuja amaika zakudya za mayiko ena nkothandiza mukapanikizika, koma mukawerengera pa kilo thumba la makilo 10 limatchipa kutali. Vuto lake ndi kulinyamula m'basi mvula ikugwa, komanso nyumba zambiri zakuno nzachinyezi, thumba lotsegula mukalisiya pansi pakona limagwira nkhungu. Gulani ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro, kapena gawanani thumba anthu awiri.

Njira yachiwiri ndi mashopu a amwenye, amene ali ponseponse, Longsight ndi Cheetham Hill ku Manchester, Leicester ndiye osanena, ndipo ku London mukhoza kuyenda Rye Lane ku Peckham kapena msika wa Brixton mupeza za ku Africa ndi za ku Caribbean malo amodzi. Kumeneko makampani monga TRS ndi Natco ali ndi white maize meal m'timapaketi, nsima yake imatuluka ndithu ndipo kwa munthu wokhala yekha wodya nsima kawiri pasabata imeneyi ndi njira yabwino kuposa kusunga thumba lalikulu miyezi. Palinso cornmeal yachikasu, ya fine, medium ndi coarse, komanso polenta wa ku Italy amene ali chimanga chomwecho chachikasu chogaya mokhakhala. Nsima yachikasu imadyeka, ilibe vuto lililonse m'thupi, koma imatsekemera pang'ono ndipo siigwirana bwino mukamapanga mbamu, komanso achikulire amene anadya chimanga chachikasu cha chithandizo pa chilala cha 1992 mukawaikira patebulo amangoyang'ana kumbali. Isungeni yachikasuyo, ili ndi ntchito yake pa chigumu. Chenjezo limodzi: kabokosi kolembedwa cornflour sikaufa wa nsima, ndi sitachi yolimbitsira msuzi ndi kasitadi, mukaiphika mupeza guluu.

Ndiye pali gulu la semolina ndi ground rice, limene anthu anaphunzira kwa anzathu a ku Nigeria ndi Ghana. Apa ndimagawanika maganizo. Kufulumira kwake palibe angatsutse, mphindi zisanu mwadya, mibulu siivuta, imapezeka ngakhale m'tauni yaing'ono kumene kulibe shopu ya munthu wakuda. Koma semolina ndi tirigu, si chimanga, ndiye imatamuka ngati chingamu, ndipo amene tirigu amawavuta m'mimba asayese. Ground rice ndi mpunga wogaya, yoyera mbee, koma ikazizira imauma gwa ndipo mkute wake m'mawa sudyeka. Ena amasakaniza ziwirizi theka ndi theka, ena amaphika phala la ufa wa chimanga nkuvundulira semolina kuti ufa weniweni ukhalitse. Kusakaniza kwachiwiriku ndiye ndimakuvomereza, poti fungo la chimanga limakhalapobe. Koma kunena zoona, tsiku limene mwabwera usiku mwatopa ndipo mukufuna kudya msanga, bwanji osangophika mpunga kapena mbatata, nsima nkudikira tsiku la ofu?

Mukhozanso kukumana ndi ufa wa P.A.N., paketi yachikasu, wochokera ku Venezuela. Ndi chimanga choyera koma chophikaphika kale nkuumitsa, eni ake amapangira arepa, timikate tawo ta chimanga. Umamwa madzi msangamsanga ndiye mukauthira mmene timathirira ufa wathu umalimba musanakonzeke, thirani pang'onopang'ono. Pangozi umathandiza. Maseca wa ku Mexico ndi nkhani ina, chimanga chake amachiphika ndi laimu asanagaye ndiye fungo lake ndi la tortilla, tizipapati tawo ta chimanga, ndi usipa sizigwirizana. A ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota osowa kondowole funsani lafun m'mashopu a anthu a ku Nigeria, ndi ufa wa chinangwa choviika nkuyanika, njira yake ndi yomweyo ya kwathu. Gari ayi, ameneyo ndi wokazinga.

Za sutikesi tsopano, poti aliyense wopita kumudzi amalandira mauthenga khumi a "mundinyamulireko kaufa". Palibe ufa wa mu shopu ungapose woyera wa kumudzi, apo tisanamizane. Koma tawerengani. Ndege zimene timakwera kwambiri, Ethiopian ndi Kenya Airways, nthawi zambiri zimalola zikwama ziwiri za makilo 23, ndiye mukaika ufa makilo 10 mwadya pafupifupi theka la chikwama ndi chinthu chimene banja litha pamasabata ochepa komanso chimene cholowa m'malo mwake chilipo kuno. Makilo amenewo apatseni zinthu zopepuka zosapezeka: usipa, matemba, utaka, mfutso wa nkhwani ndi khwanya. Malamulo a kuno amalola nsomba zouma kapena zowamba mpaka makilo 20 pamunthu, koma nyama ndi za mkaka zochokera kwathu nzoletsedwa, nyama yofutsa ija isiyeni konko, ndipo muzionanso pa webusaiti ya boma ya gov.uk musananyamuke poti malamulowa amasinthasintha. Ufa tengani pang'ono wa masiku apadera, ndi mgaiwa wa chigumu, mukafika muuike mu filiza masiku angapo kupha anankafumbwe ndi mazira awo. Ndipo chonde mthiko ndi chipande musaiwale. Timasupuni tamatabwa takuno ndi tatifupi, topyapyala, nsima ya anthu asanu timathyoka.

Kudzigayira wekha nkotheka koma ndi zosewera za munthu wa nthawi. Samp wa m'mashopu a ku South Africa ndi mphale yosaviika, ndiye mukhoza kuviika masiku atatu kapena anayi, kutsuka, kuyanika nkugaya mu blender, kafungo kaja kamabwera ndithu. Koma muyanika pati mu Novembala dzuwa likulowa 4 koloko? Mu uvuni wa moto wochepa maola ndi maola, bilu ya magetsi ikukwera, blender nayo ikutentha. Siyani.

Tibwere ku za fulawa, kumene ndikuti manja anu apindula. Kuno pashelefu mupeza plain, self raising, strong white ndi wholemeal, kawirikawiri m'mapaketi a kilo imodzi ndi theka. Strong ndi ya buledi chifukwa ili ndi guluteni wambiri wogwira mpweya wa yisiti. Self raising ndi plain yomweyo yothira kale baking powder, ndiye ngati kabati yanu ndi yaing'ono gulani plain yokha ndi kachitini ka baking powder, matiyisupuni awiri pa magalamu 150 aliwonse mwapanga self raising yanu, komanso yogula ija ikakhalitsa mphamvu imatha, masikono nkutuluka aphwatalala. Chimene muyenera kusankha kwenikweni ndi chofufumitsira, yisiti, baking powder kapena soda, ndipo chosankhacho chimatsatira shifiti yanu osati kukoma kokha.

Yisiti amapatsa mandasi enieni aja a pamsika, ofewa mkati, otamuka mukamang'amba, okhala bwino mpaka mawa. Fulawa ya plain magalamu 500, kapaketi kamodzi ka yisiti ka magalamu 7, shuga masupuni anayi kapena asanu, kamchere, madzi ofunda pafupifupi 350ml kuti zikhale zolobodoka zoti muzitapa ndi dzanja nkuponya m'mafuta. Vuto lake ndi kuzizira. Kwathu mumangoika beseni padzuwa ola limodzi zakwera, kuno m'khitchini ya mu Januwale mudikira mpaka kutopa. Ena amaika pafupi ndi hita, ena mu uvuni wozima nkuikamo mbale ya madzi otentha. Koma njira yabwino kwa munthu wa mashifiti ndi yosemphana ndi zimenezo, kandani usiku, vindikirani, ikani mu filiji. Yisiti mu filiji safa, amangogwira ntchito pang'onopang'ono, ndiye mawa mukabwera mumangotulutsa, kudikira zifunde pang'ono nkukazinga, ndipo kukoma kwake kumaposa kwa zofufumitsa mwachangu. Madzi okha asatenthe kwambiri, ngati chala chanu sichikupirira yisiti nayenso afa.

Baking powder ndi wa alendo odzidzimutsa, mphindi 20 mandasi ali patebulo, koma amakhala ngati keke ndipo mawa lake auma. Pa masikono a azungu aja odyera jamu ndiye mwini wake: self raising magalamu 450, majarini 100, shuga 60, mkaka pafupifupi 280ml, osakanda kwambiri, uvuni wa madigiri 220, kapena 200 ngati uli wa fani, mphindi 12 mpaka 15. Koma ngati mukufuna masikono a kubekale kwathu, ofewa ogundana m'thileyi aja onga Obama, amenewo ndi a yisiti ndi strong white, shuga ndi majarini pang'ono, musawafunefune kwa baking powder.

Mafuta okazingira akhale pa 170 mpaka 180, ponyanimo kachidutswa, kakamira nkubwera pamwamba msanga kakuchita thovu ndiye kuti ali bwino. Akatentha kwambiri kunja kupsa mkati muli muwisi ndipo alamu ija iyamba, akazizira mandasi amamwa mafuta. Otsala musathire mu sinki, amagwirana m'mapaipi ozizirawa ndipo landilodi adzakudulani dipoziti, sefani muike m'botolo. Za mandasi a mu air fryer anthu amazichemerera koma ine ndimati amenewo ndi mabanzi chabe, okoma inde, koma dzina lina.

Soda ndiye wa chigumu ndi zitumbuwa, ndipo pano cornmeal yachikasu ya fine ija imene inalephera pansima imachita bwino kwambiri, mwinanso kuposa woyera wa ku Joni, ngati mgaiwa mulibe. Soda payekha sakweza kanthu, amafuna chowawasa, ndiye chifukwa chake amayi ankathira chambiko. Kuno gulani buttermilk kapena yogati wopanda shuga, kapena mkaka wamba 250ml muthiremo supuni imodzi ya madzi a ndimu kapena viniga mudikire mphindi 10. Makapu awiri a ufa, nthochi zitatu zakupsa kwambiri zofinya, shuga monga mukufunira, kamchere, mafuta pang'ono, soda tiyisupuni imodzi yosadzaza, uvuni wa 180 mphindi 35 mpaka 45, bayani ndi mpeni ukatuluka woyera zapsa. Soda akachuluka chigumu chimafiira nkumamveka sopo. Nthochi zakuda zimene azungu amaziona ngati zowola, zija amazimata kasitika kotsitsa mtengo madzulo, ndi zimene mukufuna, gulani zambiri musende muike mu filiza. Chigumu ndiye chinthu chimene sindimvetsa chifukwa chake anthu sachipanga kwambiri kuno, sichifuna kukanda, sichifuna kudikira, chimakhala masiku angapo, chidutswa chimodzi ndi tiyi pa buleki ya shifiti chimakusungani kuposa masangweji ogula. Mu air fryer chimathekanso bola chitini chikhale chaching'ono, moto mutsitse kufika 160 ndipo pamwamba muphimbe ndi foyilo chikayamba kuda.

Buledi uja ndinati ali pakatikati. Kupanga kwake nkosavuta, strong white magalamu 500, yisiti magalamu 7, mchere tiyisupuni imodzi ndi theka, madzi 320ml, kukanda mphindi 10, akwere kawiri, uvuni wa fani pa 200 mphindi 30 mpaka 35, mukagogoda pansi pake azimveka ngati mulibe kanthu mkati. Ndipo amakhutitsa, osati wa mu shopu wofewa uja amene amapangidwa mwachangu ndi njira ya Chorleywood imene anaiyambitsa kuno komwe mu 1961, mumadya masilayisi anayi njala ili pompo. Koma masamu ake ndi oti buledi wotchipa wa magalamu 800 ku Aldi kapena Lidl simungamugonjetse pamtengo ngati mukuyatsa uvuni wonse chifukwa cha lofu imodzi, makamaka a mita yolipiriratu amene mumaona ndalama ikutsika maso muli gwa. Uvuni uyatsidwe kamodzi udzaze, malofu awiri pamwamba, chigumu pansi moto ukatsika, mbatata m'mbali. Lofu yachiwiri idulenidule muike mu filiza chifukwa buledi wa pakhomo alibe mankhwala osungira, masiku atatu wayamba kuuma. Mukatero ndiye zimapindula. Ngati uvuni wa m'nyumba yanu ndi wa gasi wa manambala, 4 ndi 180, 6 ndi 200, 7 ndi 220.

Ndiwo ndingodutsamo mwachangu poti nkhani yake ndi yaitali payokha. Nyemba za m'chitini nzabwino, tsukani madzi ake mukazinge ndi anyezi ndi tomato mwatha, koma chitini cha magalamu 400 nyemba zake zenizeni ndi pafupifupi 240, ndiye kwa banja zouma zimatchipa. Zofanana ndi zathu ndi pinto, rosecoco kapena sugar beans. Viikani usiku wonse. A ku London ndi madera ambiri a kummwera madzi anu ali ndi laimu wambiri, nchifukwa chake ketulo imachita zoyera mkati, ndipo nyemba zimachedwa kufewa kuposa ku Glasgow kapena Manchester, kasoda pang'ono m'madzi oviikira kamathandiza. Pressure cooker pa nyemba, nthumbwana ndi mapazi a ng'ombe ndiye chida chimene chimabweza ndalama yake msanga kuposa air fryer. Slow cooker, poto yamagetsi yophika pang'onopang'ono ija, samalani nayo pa nyemba zofiira za kidney, zimafunika ziwire mwamphamvu mphindi zosachepera 10 pamoto kaye, kupanda kutero zimatsegula m'mimba koopsa chifukwa moto wa slow cooker supha poizoni wake.

Masamba, spring greens ndi kale zimalowa m'malo mwa repu, mpiru uli kwa amwenye ndi kwa matchaina, bonongwe a ku Jamaica amamutcha callaloo ndipo amapezeka ngakhale wa m'chitini, therere lili m'mafiliza a mashopu omwewo. Nkhwani zokha ndiye zovuta, pokhapokha mubzale maungu kuseri kwa nyumba kapena pa allotment, kadimba kobwereka, kubzala kwake ndi kumapeto kwa Meyi chisanu chikatha. Zotendera, ambiri amangotapa chiponde cha m'botolo, ndipo zimatheka bola muwerenge kumbuyo kuti mulibe shuga, chifukwa mpiru wotsekemera palibe amaufuna. Koma chiponde ndi mtedza wokazinga, kukoma kwake nkosiyana ndi nsinjiro. Nsinjiro zenizeni gulani mtedza wauwisi wa khungu lofiira kwa amwenye, muuike mu blender muzidina pang'onopang'ono nkusiya, kudina nkusiya, kenako kusefa, chifukwa mukangoisiya ikuzungulira mafuta amatuluka nkusanduka chiponde chomwe mumathawa chija. Pangani zochepa zoti zithe pasabata ziwiri, zotsala mu filiza, zimachita fungo msanga zikakhala m'kabati.